Matope Nawo Ndi Mboni: Mbiri ya Madzi Kuchokera ku Majaua Mpaka ku Chilwa

Pa 11 June 1891 maboma a Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino, ndipo mbali yaikulu ya malire awo anaitsamiritsa pa madzi. Mzerewo unatsata gombe la kum'mawa la nyanja ya Chiuta, n'kufika pa gombe la kum'mawa la Chilwa, kuchoka apo n'kulunjika ku mtsinje wa Muloza, kenaka n'kutsika ndi Ruo mpaka ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. N'chifukwa chake lero munthu wa ku Majaua, m'boma la Milange, akaima m'mphepete mwa Ruo amaona Malawi kutsidya. Olemba panganolo ankayesa gombe la nyanja ndi chinthu chokhazikika, choti ukachijambula pa mapu udzachipeza pomwepo. Koma pofika 1900 Chilwa inali itabwerera kutali, ndipo inabwerezanso mu 1914 ndi 1915, mu 1922 komanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Alendo aja anaona madzi kanthawi kochepa n'kuganiza kuti awadziwa. Mfundo yanga ndi yakuti nafenso, ngakhale ndife eni dera, timagwa m'mbuna yomweyo, chifukwa zimene timadziwa za mvula ndi madzi athu n'za zaka zowerengeka. Mbiri yaitali ya madzi amenewa ili m'matope a pansi pa nyanja ndi maiwe, ndipo ndiyo yokha ingatithandize kusiyanitsa kusintha kumene dera lino lakhala nako chikhalire ndi kumene tabweretsa tokha.

Mboni zimene timadalira kawirikawiri ndi ziwiri: mapepala ndi zokumbukira za akuluakulu. Mapepala anayamba mochedwa. David Livingstone ndi John Kirk anafika pa Chilwa pa 18 April 1859 ndipo anapeza nyanja yodzaza, ya madzi owawirako. Mu 1883 Henry O'Neill, kazembe wa Britain ku Mozambique, anayenda ulendo wapansi mpaka ku Chilwa ndi Amaramba, natsimikiza kuti mtsinje wa Lugenda sutuluka mu Chilwa koma mu Chiuta ndi Amaramba. Kulemba msinkhu wa madzi a nyanja ya Malawi kunayamba mu 1896. Ku mbali ya Mozambique mapepalawo ali ndi mipata, pakuti nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 inaimitsa ntchito pa malo ambiri oyezera mvula kumidzi, ndipo Milange anali pakati penipeni pa nkhondoyo, anthu ake ambiri atathawira ku Mulanje. Zokumbukira za akuluakulu zimathandizapo pang'ono, komabe zimagwira kwambiri masoka: njala ya 1949, Napolo wa ku Phalombe wa mu March 1991, madzi osefukira a mu January 2015, namondwe Freddy wa mu March 2023. Zaka wamba, zimene mvula inagwa mwa masiku onse, sizisimbidwa. Choncho tikamati “kale kunalibe zotere”, kale lakelo nthawi zambiri silipitirira zaka 150, pamene nyanja ndi mitsinje zimasintha pa nyengo zotalika koposa.

Mboni yachitatu ndi tindere ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha madayatomu. Timakhala paliponse pamene pali madzi ndi kuwala: m'nyanja, m'dziwe, m'thamanda la padambo, pa miyala yoterera ya mu Ruo. Kamodzi sikaoneka ndi maso, pakuti tambiri n'tating'ono moti 30 titandandalikidwa tingokwana pafupifupi milimita imodzi. Chosiyanitsa tindere timeneti ndi ndere zina n'chakuti timadzimangira tizigoba ta silika, chinthu chomwe chija chimene chimapanga mchenga ndi galasi. Kachigoba kalikonse kali ndi mbali ziwiri zolowana, ngati mbale ndi chivundikiro chake, ndipo pamwamba pake pali timabowo ndi timizere tosiyana mtundu ndi mtundu, kotero kuti katswiri amatha kutchula dzina la mtundu pongoona chigoba. Kandere kakafa, zamkati zimawola, koma chigoba chimamira n'kukwiririka m'matope, mmene chingakhale zaka zikwi zambirimbiri. Chinanso n'chakuti mitundu imeneyi njosankha kwambiri pokhala. Ina imafuna madzi akuya, ina imamatirira pa bango ndi pa mchenga wa m'madzi osaya. Ina imafa mchere ukangowonjezekera pang'ono, pamene ina, monga Anomoeoneis sphaerophora, imakondwa m'madzi a mchere ndi soda. Ina imachuluka madzi akalemera ndi chonde chokokoloka kumtunda. Ndiye kuti mitundu yopezeka m'muyalo uliwonse wa matope imaulula mtundu wa madzi amene analipo pamene muyalowo unkayalidwa.

Kawerengedwe kake n'kofuna kuleza mtima kuposa ndalama. Ofufuza amakhoma paipi m'matope moimika, n'kuizula ili ndi matopewo osasokonezeka, atsopano pamwamba, akale pansi. Amawacheka m'timagawo tokhuthala sentimita imodzi kapena kucheperapo. Pa kagawo kalikonse amatapapo pang'ono, n'kuthira mankhwala otentha zinyalala zowola ndi asidi wosungunula laimu, mpaka patsale fumbi loyera. Fumbilo amaliumitsa pa kagalasi kopyapyala n'kuliika pa maikulosikopu yokulitsa zinthu ka 1,000, ndipo munthu amakhala pansi n'kuwerenga tizigoba 300 kapena 500, kamodzikamodzi, akulemba dzina la kalikonse. Akamaliza amatenga kagawo kotsatira. Zaka za muyalo uliwonse amazipeza ndi njira zina. Mtovu wa mtundu wa 210, umene umagwa ndi mvula ndipo theka lake limatha pa zaka 22 zilizonse, umathandiza pa zaka pafupifupi 150 zapitazi. Fumbi la mabomba a nyukiliya amene mayiko ankayesa mumlengalenga, lomwe linachuluka kwambiri cha mu 1963 ndi 1964, limasiya chizindikiro chake. Pa zakale kwambiri amagwiritsa ntchito kaboni wa mtundu wa 14, amene theka lake limatha pa zaka 5,730. M'matope momwemo mumapezekanso mungu wa mitengo ndi udzu, makala a moto wa m'tchire ndi phulusa la mapiri ophulika, ndipo zonsezi zimatsimikizira kapena kutsutsa zimene tindere tikunena.

Sayansi imeneyi si yachilendo kuno. Pakati pa 1903 ndi 1910 katswiri wa ku Germany, Otto Müller, anasindikiza mafotokozedwe a madayatomu otengedwa m'nyanja ya Malawi ndi madera oyandikana nayo, ndipo mtundu wina umene anaufotokoza, womwe lero ukutchedwa Aulacoseira nyassensis, uli ndi dzina la nyanjayi. Mphamvu ya njirayi inaonekera poyera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980, pamene panali mkangano wa chimene chinkapha nsomba m'nyanja zazing'ono za ku Scotland ndi Scandinavia. Ena ankati ndi utsi wa malasha wa m'mafakitale umene unkagwetsa mvula ya asidi, ena ankati ndi kusintha kwa ulimi ndi kubzala mitengo ya paini. Panalibe amene anayezapo madziwo zaka 100 m'mbuyomo. Mu 1983 Roger Flower ndi Richard Battarbee anaonetsa ndi tizigoba ta m'matope a ku Galloway kuti madziwo anayamba kuwawasa mafakitale atakula, ngakhale m'nyanja imene kuzungulira kwake sikunabzalidwe mitengo. Ku Africa, katswiri wa ku France, Françoise Gasse, anasonkhanitsa tindere tamoyo pamodzi ndi miyezo ya madzi a m'nyanja ndi maiwe ochuluka, ndipo mu 1995 iye ndi anzake anatulutsa njira yowerengetsera mchere wa madzi akale kuchokera ku mitundu ya tizigoba. Kuyambira pamenepo wofufuza sangonena kuti madzi anali owawa, amathanso kuyerekeza kuti anali owawa bwanji.

Nkhokwe yaikulu ya umboni wotere m'chigawo chino ndi nyanja ya Malawi. Kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 kutsika pansi kulibe mpweya wa okosijeni, choncho kulibe nyongolotsi kapena nsomba zofukula matope. Kumpoto kwa nyanjayi matope amayalana mooneka bwino, miyalo iwiri pa chaka. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imatakasa madzi n'kukweza chonde cha pansi, tindere timachulukana, ndipo tizigoba take timayala muyalo woyererako. M'dzinja mitsinje imabweretsa dothi la kumtunda lomwe limayala muyalo woderako. Munthu akhoza kuwerenga miyaloyo chaka ndi chaka kubwerera m'mbuyo zaka mazana angapo. Mu 2005 gulu lotsogozedwa ndi Christopher Scholz, Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi anzawo linamanga makina oboolera pa chombo chonyamula mafuta chotchedwa Viphya. Pa malo ena a pakati pa nyanja, pamene madzi ndi akuya mamita 592, anaboola matope mamita 380 kutsika pansi, ndipo anatulutsa mbiri ya zaka pafupifupi 1.3 miliyoni.

Zimene anapeza zinasintha kaonedwe ka akatswiri pa nyanja imeneyi. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zobwerezabwereza, ndipo pa nthawi yoipitsitsa madzi anatsika mamita oposa 500, nyanja n'kutaya magawo 95 mwa magawo 100 a madzi ake. Chotsala chinali nyanja yaing'ono ya mchere, yozunguliridwa ndi dziko louma. Jeffery Stone ndi anzake, amene anawerenga madayatomu a m'matopewo, anapeza kuti mitundu yopirira mchere ndi soda, imene lero sipezeka m'nyanjayi, ndiyo inkalamulira kawirikawiri zaka 85,000 zapitazo zisanafike, ndipo kuti mitundu ikuluikulu ya Stephanodiscus yomwe yadzaza lero inali yosowa mpaka cha m'zaka 31,000 zapitazo. Kafukufuku wa mu 2015 anawerenga maulendo 24 amene nyanjayi inatsikapo mamita oposa 200 m'zaka zonse 1.3 miliyoni. M'matope omwewo munapezeka phulusa la phiri la Toba la ku Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Ena ankaphunzitsa kuti kuphulikako kunaziziritsa dziko mpaka kutsala pang'ono kutha anthu, koma miyalo ya pansi ndi ya pamwamba pa phulusalo sinaonetse kusintha kwakukulu kuno. Nyanja imene timaiyesa yosatha ndi nkhope imodzi chabe mwa nkhope zambiri zimene yakhala nazo.

Wina angati zimenezo n'zakale mopanda phindu. Koma kusinthaku sikunalekere kalekalelo. Mu 1990 R. B. Owen, Robert Crossley ndi anzawo anaphatikiza umboni wa madayatomu, zofukulidwa m'mabwinja ndi nkhani za makolo, nanena kuti nthawi ina pakati pa 1500 ndi 1850 nyanja ya Malawi inatsika mamita oposa 100. Akatswiri ena anakayikira kuti kutsikako kunafika pamenepo, ndipo mkanganowo ndi wabwino, chifukwa ukuonetsa kuti tizigoba sitingakhulupiriridwe patokha popanda mboni zina. Komabe Sharon Nicholson, amene mu 1998 anasonkhanitsa umboni wa miyala, mabwinja ndi zolembedwa za nyanja za Malawi ndi Chilwa, anapezanso kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 madzi anali otsika. Ndipo pa nthawi imene mapepala analipo kale, chinachitika chinthu chimene ambiri lero sangachikhulupirire: kuyambira 1915 mpaka cha mu 1935 Shire anasiya kutuluka m'nyanja, ndipo pamene pali nyanja ya Malombe anthu ankalimapo minda. Katswiri wa miyala wa ku University of Malawi, Zuze Dulanya, pamodzi ndi anzake, anabwerera ku Malombe ndi Chiuta kukatenga matope ndi kuwerenga madayatomu ake kuti atsate kusintha kwa zaka zaposachedwapa. Magetsi ambiri a Malawi amachokera pa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo onsewa anamangidwa mtsinjewo utayambiranso kuyenda. Mbiri ya m'matope ikutikumbutsa kuti kuyenda kwa Shire si lonjezo.

Kwa munthu wa ku Milange nyanja yofunika koposa ndi Chilwa, imene ku Mozambique amailemba kuti Chirua. Ilibe potulukira. Madzi amalowa kudzera mu Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, Sombani ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, koma amachoka ndi dzuwa lokha, n'kusiya mchere. Kuya kwake nthawi zambiri sikupitirira mamita atatu. Kumpoto kwake kuli mtanda wa mchenga umene umailekanitsa ndi Chiuta, ndipo kale nyanja ziwirizi zinali imodzi, yothira ku nyanja ya mchere kudzera mu Lugenda ndi Rovuma. David Thomas ndi anzake, atayeza zaka za mchenga wa magombe akale, analengeza mu 2009 kuti Chilwa yakwerapo kupitirira msinkhu wa lero kangapo m'zaka 44,000 zapitazi. Mwayi wina unali wakuti pamene nyanjayi inkauma mu 1967 ndi 1968, akatswiri a University of Malawi anali atayamba kale kuiyeza, m'kafukufuku amene anachitika kuyambira 1966 mpaka 1976 ndipo anatuluka m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake mu 1979. Anaona ndi maso mchere ukukwera, mitundu ya ndere ikusinthana, makumba ndi matemba zikufa, milamba ikubisala m'madambo ndi pa mathiriro a mitsinje, kenaka zonse zikubwerera madzi atadzazanso. Zimene anaona zikuchitikazo ndizo kiyi womasulira zofanana nazo zikapezeka m'miyalo yakale. Chilwa inaumanso mu 1995, ndipo inaphwa kwambiri mu 2012 ndi 2018.

Komabe pali zotsutsa mfundo yodalira matopeyi. Chotsutsa choyamba, chomwe chili champhamvu ndithu, n'chakuti madzi osaya sasunga bwino mbiri. Mphepo imatakasa matope a Chilwa mpaka pansi, n'kusakaniza a chaka chino ndi a zaka khumi zapitazo. Nyanja ikauma, matope amang'ambika, ng'ombe zimapondaponda, mphepo imauluza fumbi, ndipo zaka zina zimafufutikiratu. Kuwonjezera apo, madzi a soda amasungunula silika, kotero kuti tizigoba topyapyala timatha, n'kutsala tokhuthala tokha, zimene zinganamize wowerenga. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake palibe katswiri wanzeru amene angalonjeze mbiri ya chaka ndi chaka kuchokera pakati pa Chilwa. Koma chotsutsachi chikutiphunzitsa kusankha malo, sichikutiletsa ntchito. Muyalo wouma, wolimba ndi wong'ambika, nawo ndi umboni, pakuti ukusonyeza kuti pamenepo panali pouma. Tizigoba todyekadyeka tikuulula kuti madzi anali a soda. Ndipo pali malo obisika ku mphepo, monga m'kati mwa madambo a njedza ndi bango, m'maiwe otsala pamene mtsinje unasiya njira yake yakale, ndi m'nyanja ya Chiuta yomwe ili ndi potulukira ndipo madzi ake ngabwinopo. Owen ndi Crossley anayerekeza matope a Chilwa ndi a Chiuta m'zaka za m'ma 1980, ndipo phindu la kuyerekeza kotere n'lakuti pamene nyanja imodzi ili ndi mpata, inzake ikhoza kudzaza.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti Majaua ali kutali ndi nyanja zonsezi, ndipo madzi ake ndi a mtsinje wothamanga umene suyala matope. Yankho lili pa phiri la Mulanje. Mvula yogwa pa phirili imagawikana: ya kumwera imatsika ndi Ruo, Muloza ndi Lichenya n'kudutsa ku Majaua kupita ku Shire, pamene ya kumpoto imatsika ndi Phalombe ndi Sombani kukathira mu Chilwa. Mitambo yochokera ku nyanja ya mchere, kuphatikizapo chiperoni cha m'miyezi yozizira, imadutsa pa Zambezia isanagunde phirilo. Namondwe akalowa kuchokera kugombe la Quelimane, monga anachitira Freddy, amadzaza Ruo ndi Chilwa pa sabata imodzimodzi, ndipo chilala chikagwa chimaumitsa zonse ziwiri. Chilwa, popeza ilibe potulukira, imasonkhanitsa zotsatira za mvula ya zaka zingapo zotsatizana, chinthu chimene mtsinje sungachite. Choncho mbiri ya kukwera ndi kutsika kwa Chilwa ndi mbirinso ya mvula imene imameretsa chimanga ndi nandolo za ku Milange. Tiyenera kuvomereza kuti tindere sitiyeza mvula mwachindunji. Timangonena za kuya ndi mchere wa madzi, ndipo zimenezi zimadaliranso kutentha ndi mphepo. Koma kwa mlimi kusiyanako n'kochepa, pakuti chaka chimene dzuwa limamwa madzi ambiri kuposa amene mvula yabweretsa ndi chaka chouma m'munda momwe.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa amene amati akuluakulu ankazidziwa kale zimenezi, ndipo sipafunika maikulosikopu kuti munthu adziwe kuti madzi saiwala khwawa. M'mawu amenewa muli choonadi chachikulu. Asodzi a pa Chilwa anazolowera nyanja yoyendayenda: amamanga zimbowera pamwamba pa madzi, nyanja ikaphwa ena amapita kukasodza ku Chiuta, Malombe ndi Malawi, ena amalima mpunga pamene madzi achoka. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi chizindikiro chakuti makolo a m'chigwa cha Shire ankadziwa kuti mvula ikhoza kukana. Ofufuza a mu 1990 aja nawo anadalira nkhani za makolo. Koma nkhani ya pakamwa imasunga chochitika n'kutaya chaka chake, imaphatikiza zilala ziwiri kukhala chimodzi, ndipo imasamuka ndi eni ake. Dera lino ndi la anthu osamukasamuka: Amang'anja, Ayao amene anafika m'zaka za m'ma 1800, Alomwe amene anawoloka mwaunyinji kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndi othawa nkhondo a m'ma 1980. Banja limene lakhala pa gombe la Ruo mibadwo itatu silingakumbukire chigumula cha mibadwo khumi yapitayo. Matope sasamuka. Nkhani za makolo zimatiuza mmene anthu anapulumukira, zimene tizigoba sitinganene, pamene tizigoba timatiuza kuti zinachitika liti ndiponso kangati. Mboni ziwirizi sizipikisana, iliyonse imafika pamene inzake ikulephera.

Chotsutsa chachinayi ndicho choopsa, chifukwa chimatenga umboni womwewu n'kuupotoza. Chimati ngati nyanja zinkauma kusanabwere mafakitale ndi makala, ndiye kuti kudandaula za kusintha kwa nyengo ndi kudula mitengo n'kungotaya nthawi. Matope akukana zimenezi. Mu 2011 Megan Otu ndi anzake anaonetsa kuti kumwera kwa nyanja ya Malawi, kumene kumtunda kwake kuli anthu ambiri ndi minda yambiri, matope akhala akuunjikana mofulumira kuposa kale kuyambira cha pakati pa zaka za m'ma 1900, ndipo mitundu ya madayatomu yasintha motsatira chonde chokokoloka. Kusintha kumeneku sikufanana ndi kwa chilala, kuli ndi chizindikiro chakechake, ndipo munthu sangachizindikire ngati sadziwa mmene miyalo yakale inkaonekera. Ngakhale kalekale dzanja la munthu likuoneka: mu 2021 Jessica Thompson ndi anzake anayerekeza zida zamiyala za ku Karonga ndi makala ndi mungu za m'matope a mu 2005 aja, napeza kuti cha m'zaka 85,000 zapitazo nyanja itadzazanso, nkhalango sinabwerere monga inkachitira m'nyengo zamvula zam'mbuyo, ndipo anati chifukwa chake ndi moto woyatsidwa ndi anthu. Phunziro lake si lakuti zonse n'zachilengedwe. Phunziro n'lakuti dera lino limagwedezeka msanga ngakhale popanda ife, choncho kutentha kwa dziko ndi kukokoloka kwa nthaka zikuwonjezera katundu pa chinthu chimene chili kale chosakhazikika. Kuuma kwa Chilwa si kwachilendo. Chachilendo ndi kuchuluka kwa anthu odalira madziwo, dothi limene likudzaza nyanja ndi mitsinje, ndi kuchepa kwa madambo mmene nsomba zinkathawira.

Ngati mfundoyi ili yoona, pali zinthu ziwiri zotsatira. Choyamba n'chakuti omanga milatho, masukulu, minda yothirira ndi malo opangira magetsi m'mbali mwa Ruo asamayese chigumula chachikulu chimene chinalembedwa m'mabuku ndicho malire a zimene mtsinjewo ungachite, ngakhalenso chilala cha 1992 kuti ndicho mapeto a kuuma. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake chakumunsi, kufupi ndi Chiromo, ndipo mbiri yaitali ikusonyeza kuti madzi a dera lino afikapo patali kuposa pamenepo mbali zonse ziwiri. Chachiwiri n'chakuti maiwe ndi madambo ang'onoang'ono ayenera kuonedwa ngati malo osungira mbiri. Nyanja yaikulu imanena za chigawo chonse, koma dziwe laling'ono limanena za mudzi wake: pamene nkhalango ya pamtunda inadulidwa, pamene minda ya tiyi ya atsamunda inatsegulidwa ku Milange, pamene nkhondo inathamangitsa anthu tchire n'kumeranso, pamene feteleza anafika. Dambo likalimidwa mozama, likakumbidwa njerwa kapena likaumitsidwa ndi ngalande, miyalo imene inayalidwa pa zaka mazana ambiri imasakanizika pa dzinja limodzi. Matope a mu 2005 anatengedwa kukasungidwa ku Minnesota, chifukwa ntchito ya kukula kotero inkafuna zipangizo za kunja. Koma dziwe la padambo limangofuna paipi, bwato, maikulosikopu yabwino ndi wophunzira wopirira, zinthu zimene University of Malawi ku Zomba kapena sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ku Mocuba zingakwanitse. Popeza mvula ya pa Mulanje imathirira mayiko onse awiri, ntchito yowerenga mbiri yake iyenera kugwiridwa ndi ophunzira a mbali zonse ziwiri za Ruo, ndipo zopezekazo zifotokozedwe m'Chichewa ndi Chilomwe kwa anthu amene amalima ndi kumanga nyumba m'mphepete mwa madziwo.